Mankhwala Amodzi, Matupi Osiyana: Mawu kwa Akatswiri a Zamankhwala ku Thyolo



Akatswiri ena a zamankhwala akamva za kuyeza chibadwa cha munthu amapukusa mutu. Amati izi n'za ku London, kuno panado amene amasowa. Dandaulo lawo ndi lomveka, koma nkhani ya chibadwa inafika kalekale pawindo lotengera mankhwala.

Thyolo ndi mboni. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV m'boma lino mu 2003. Kuyambira mu 2011 anthu anayamba kulandira 5A, mankhwala okhala ndi efavirenz. Ambiri anawayanja. Ena ankabwera akudandaula chizungulire, maloto oopsa ndi kusowa tulo, ndipo mayi wothyola tiyi woyenera kulawirira kumunda ankadzuka mutu uli balala. Odwala otere sankanama. Chiwindi chimaphwanya efavirenz motsogoleredwa ndi kachigawo ka DNA kotchedwa CYP2B6, ndipo anthu ambiri a mu Africa anabadwa ndi mtundu wake wogwira ntchito pang'onopang'ono. Mankhwala ankaunjikana m'magazi. Mu 2019 dziko lino linayamba kusamutsira anthu ku dolutegravir.

Wolima tiyi sadabwa nazo izi. Ku Satemwa kapena ku Naming'omba amadziwa kuti mitundu iwiri ya tiyi, pamunda umodzi, feteleza ndi mvula zofanana, sipirira chilala mofanana.

Palinso Lapdap, mankhwala a malungo omwe anayesedwa kuno ku Malawi n'kutulutsidwa mu 2003. Mu 2008 anachotsedwa chifukwa ankaswa magazi mwa anthu obadwa ndi vuto la G6PD, lomwe ndi lofala mu Africa. Ana ena anatha magazi ndi mankhwala owachiritsa malungo.

Tizilombo nato tili ndi chibadwa chake. Malawi anasiya chloroquine mu 1993, dziko loyamba mu Africa kutero, ndipo ofufuza ku Blantyre anadzapeza kuti tizilombo tosamva mankhwalawa tinazimiririka. Lero makina a GeneXpert amawerenga DNA ya kachilombo ka TB m'makhololo n'kunena ngati rifampicin angagwire ntchito.

Makina oyezera chibadwa cha wodwala aliyense safika mawa kukiliniki ya paesiteti. Chomwe chilipo kale ndi khutu la wopereka mankhwala. Wodwala akati mankhwala akumuzunguza, amvedwe, zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, ndipo lipoti lipite ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi ku koleji ya Malamulo aphunzitsidwe za chibadwa ndi mankhwala asanavale gauni yoyera.

Mantha a akatswiri ena pa nkhani ya chinsinsi cha zotsatira za kuyeza chibadwa ndi oyenera. Paesiteti, amene amalemba ntchito ndi yemweyo mwini kiliniki. Zotsatira za magazi a wantchito zisafike kwa kapitawo kapena bwana, ndipo munthu asamanidwe ganyu chifukwa cha zomwe anatengera kwa makolo ake, monga matenda a sickle cell.

Pempho kwa eni maesiteti ndi akuluakulu a zaumoyo ndi lakuti apatule ndalama zophunzitsira opereka mankhwala awo za chibadwa, kuyambira chaka chino.