Munthu Akapotoka Pakamwa, Musadikire Kuti Kuche

Mawu amene mlangizi wa zaumoyo adalankhula pamsonkhano wa chitukuko m'wodi muno

Ndabwera ndi nkhani ya sitiroko, matenda amene ambirife timawatcha kufa ziwalo.

Sitiroko ili mitundu iwiri. Nthawi zambiri magazi amaundana n'kutseka mtsempha wopita ku ubongo. Nthawi zina mtsempha umaphulika, magazi n'kukhuthukira mu ubongo. Kunjaku zizindikiro zimafanana: pakamwa pamapotoka, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi umafooka, mawu amatuluka osamveka. Ngakhale dokotala waluso sangatsimikize ndi maso okha kuti ndi mtundu uti.

N'chifukwa chake amajambula mutu ndi makina a CT scan, amene adayamba kugwiritsidwa ntchito pa odwala ku London mu 1971. Wodwala amagona pabedi lolowa m'makina ozungulira, ndipo kujambulako kumatha m'mphindi zochepa popanda ululu. Ngati magazi akhuthuka, amaoneka oyera pachithunzi. Chithunzicho ndicho chimauza dokotala mankhwala oyenera. Asipirini amathandiza amene mtsempha wake watsekeka, koma angawonjezere kukha magazi kwa amene mtsempha wake waphulika. Komwe kuli mankhwala osungunula magazi oundana, kawirikawiri amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka chiyambire zizindikiro, ndipo wodwala amayamba wajambulidwa.

Makinawa amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Kwa ife ulendo umayambira kuchipatala chaching'ono, kupita cha boma, kenako kutumizidwa kutsogolo. Njirayo ndi yaitali kale. Tikataya usiku wonse tikukambirana zoti mwina walodzedwa, ubongo umakhala ukuwonongeka, ndipo mbali imene yafa siibwereranso.

Ndikupempha zinthu zinayi. Mukaona zizindikirozi, onani nthawi ndipo muisunge, chifukwa adokotala adzafunsa kuti munamuona komaliza ali bwino nthawi yanji. Musamumwetse mankhwala, madzi kapena phala, poti ambiri amalephera kumeza ndipo chakudya chingalowe m'mapapo. Nyamukani msanga, ngakhale zizindikiro zitatha zokha, pakuti limenelo limakhala chenjezo. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala amene amamwa.

Kwa inu mafumu ndi makomiti a chitukuko, mudzi uliwonse udziwiretu galimoto imene ingadzutsidwe usiku, ndi thumba limene ligule mafuta. Tisaiwalenso kukayezetsa BP, pakuti kuthamanga kwa magazi ndiko kumayambitsa sitiroko zambiri, ndipo kumabwera mwakachetechete.

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Makina ali kutali, koma ola loyamba lili m'manja mwathu.