Johann Sebastian Bach ndi Mbumba Imene Inalemba Mayina a Oyimba Ake



Wina angafunse kuti pa tsiku lokumbukira miyambo ya makolo a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mzungu wa ku Germany amene anamwalira zaka zoposa 270 zapitazo akudzatani. Yankho lake lili m'chikalata chimene munthuyu analemba m'chaka cha 1735, ali ndi zaka 50. M'chikalatamo munalibe nyimbo. Munali mayina 53 a amuna a mtundu wake, pafupifupi onse oyimba, aliyense ndi kumene anakhala ndi ntchito imene anagwira. Pamwamba pa onse anaikapo kholo lawo Veit Bach, wophika buledi amene anathawa ku Hungary chifukwa cha chipembedzo nadzakhazikika pa mudzi wa Wechmar. Veit ankanyamula kachipangizo kake ka zingwe popita ku chigayo, n'kumayimba mwala ukupera tirigu, ndipo mdzukuluyo ankati kumeneko n'kumene kholo lake linaphunzirira kusunga kugunda kwa nyimbo. Amayi amene anayimbapo pa mtondo, misi iwiri ikulandirana, akudziwa bwino chimene ankatanthauza.

Johann Sebastian Bach anabadwa pa 21 Malichi 1685 mu mzinda wa Eisenach, m'chigawo cha mapiri ndi nkhalango cha Thuringia. Bambo ake, Johann Ambrosius, anali woyimba wolembedwa ntchito ndi mzindawo. Umasiye unamupeza msanga: mayi ake anamwalira mu 1694, bambo ake n'kutsatira chaka chotsatira, iye asanakwanitse zaka 10. Anamutenga ndi mkulu wake Johann Christoph, woyimba limba la m'tchalitchi ku Ohrdruf. Mkuluyu anali ndi buku la nyimbo za akatswiri limene ankalitsekera m'kabati, osalola mwanayo kulikhudza. Mbiri imene inalembedwa Bach atamwalira imanena kuti mnyamatayo ankasolola bukulo usiku n'kumalikopera pa kuwala kwa mwezi, miyezi isanu ndi umodzi, mpaka mkulu wake anamupezerera n'kumulanda zonse. Chilangocho chinabwera mochedwa. Munthu amene wakopera nyimbo ndi dzanja lake, chizindikiro chilichonse pachokha, mungamulande pepala koma nyimboyo yalowa kale m'mutu.

Ali ndi zaka 18 analembedwa ntchito yoyimba limba ku Arnstadt, ndipo sanali wantchito wophweka. M'chaka cha 1705 anapempha tchuthi cha masabata anayi kuti akamvere Dieterich Buxtehude, nkhalamba yodziwa limba ya ku Lübeck. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anauyamba ulendo wapansi wa makilomita pafupifupi 400, kuposa mtunda wochoka pa boma la Dowa kukafika ku Blantyre, ndipo m'malo mwa masabata anayi anakhalako pafupifupi miyezi inayi. Atabwerera, akuluakulu a mpingo anamuyitanitsa pa bwalo. Mlandu sunali wa kuchedwa kokha. Anamudzudzulanso kuti ankaika zachilendo m'nyimbo za mpingo mpaka anthu kusokonezeka poyimba. Anapita ku Mühlhausen mu 1707, chaka chimene anakwatira Maria Barbara, kenako ku Weimar. Kumenekonso, pamene anaumirira kuti amumasule apite kwina, mfumu ya derali inamutsekera m'ndende kuyambira pa 6 Novembala mpaka pa 2 Disembala 1717.

Kumene ankafuna kupitako kunali ku Köthen, kwa kalonga Leopold. Apa mbiri yake ikhudzana pang'ono ndi ya kuno. Bach anali wa mpingo wa Lutheran, umene unkakonda nyimbo zazikulu za makwaya ndi zipangizo zambiri. Kalongayo anali wa chiphunzitso cha Calvin, muzu womwewo wa mpingo wa Dutch Reformed umene unafika pa Mvera mu 1889 ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ndi pa Kongwe mu 1894 ndi Robert Blake. M'matchalitchi a chiphunzitso chimenechi ankafuna masalimo oyimbidwa mosakometsera, choncho ku Köthen ntchito ya m'tchalitchi inamuchepera. Anatembenukira ku nyimbo za zipangizo zokhazokha, ndipo zaka zimenezi zinabala Brandenburg Concertos mu 1721 ndi gawo loyamba la The Well-Tempered Clavier mu 1722. Zambiri mwa nyimbo za nthawiyi n'zomangidwa pa magule: sarabande, gavotte, gigue. Munthu amene ambiri amamuganizira ngati wa m'tchalitchi mokhamokha ankadziwa bwino mmene mapazi amapondera.

Ku Köthen komweko kunamugwera tsoka. Mu Julayi 1720 anabwerera kuchokera ku ulendo umene anaperekeza kalongayo, n'kupeza mkazi wake atamwalira, maliro ataikidwa kale. Mu Disembala 1721 anakwatira Anna Magdalena, amene anali woyimba. Akazi awiriwa anamuberekera ana 20, koma amene anakula ndi 10 okha. Womvera nyimbo zake za imfa ndi chitonthozo azikumbukira kuti wopekayo anaona ana ake 10 akutsikira kuli chete akadali aang'ono.

Kodi nyimbo zake zili ndi chiyani chimene chikuchititsa kuti dziko lisaleke kuziyimba? Amene anakulira pafupi ndi bwalo la gule ali ndi khutu lomvera yankho. Pa bwalo, mpanje ali ndi mayendedwe ake, tete ali ndi ake, mbalule amalankhula zake motsata mapazi a wovina, ndipo amayi ali ndi nyimbo ndi m'manja mwawo. Palibe amene akutsanzira mnzake, koma onse akukumana pamodzi. Bach anachita zomwezo ndi mawu. M'nyimbo zambiri za masiku ano muli liwu limodzi lotsogolera, ena onse n'kumangoliperekeza. Kwa Bach liwu lililonse ndi munthu payekha. M'mtundu wa nyimbo wotchedwa fugue, liwu limodzi limayamba kachiganizo kakafupi lokha. Lisanamalize ulendo wake, lachiwiri limalowa ndi kachiganizo komweko, koma chokwererapo kapena chotsikirapo. Lachitatu limalowanso, nthawi zina lachinayi ndi lachisanu, ndipo oyambawo sasiya. Amapitiriza kuyenda, kulukana ngati bango la mphasa. Pena amatembenuza kachiganizoko chadodolido, pena amakatalikitsa, ndipo zonsezi munthu mmodzi amatha kuziyimba pa limba ndi manja awiri ndi mapazi awiri. Kusiyana kwake ndi ng'oma za gule n'kwakuti Bach analuka kukwera ndi kutsika kwa mawu, pamene oyimba ng'oma amaluka kugunda. Luntha lofunika pa ziwirizi n'lofanana, ndipo wonyoza chimodzi sanamvetse chinzake.

Kwaya iliyonse ya pa Mvera, pa Mponela kapena pa Malomo imene imagawa mawu panayi, sopulano, alito, tena ndi besi, imayenda m'njira imene munthuyu anaisalaza. Sanayambitse ndi iye kuyimba kotere, koma nyimbo za mpingo zoposa 300 zimene anazigawa mawu panayi ndizo zimene ophunzira za nyimbo m'mayiko ambiri amaphunzirirapo mpaka lero. Ngakhale nyimbo ya fuko lino, imene anapeka a Michael Sauka mu 1964, makwaya amaiyimba m'magawo anayi omwewo.

Zaka 27 zomaliza za moyo wake anazithera ku Leipzig, kumene anafika mu 1723. Khonsolo ya mzindawo sinkafuna iye poyamba. Inafuna Georg Philipp Telemann, amene anakana, kenako Christoph Graupner, amene bwana wake sanamumasule. Bach anali wachitatu. Ntchito yake inali ya uphunzitsi pa sukulu yogonera pompo ya St Thomas, pamodzi ndi kuyang'anira nyimbo m'matchalitchi anayi. M'zaka zoyambirira ankapeka nyimbo yatsopano ya kwaya ndi zipangizo pafupifupi sabata iliyonse: kuipeka, kukopera gawo la woyimba aliyense ndi dzanja mothandizidwa ndi ophunzira ndi a pabanja pake, kuiphunzitsa, n'kuiyimba Lamulungu. Mu 1730 analembera khonsolo kalata yodandaula, m'mene anawerengera anyamata ake motere: 17 okhoza kuyimba, 20 amene sanafikepo, ndi 17 osatheka n'komwe. Aphunzitsi amene muli pano, kalata imeneyo mukuidziwa ngakhale simunaiwerengepo. Ndi anyamata oterewo anayimba nyimbo yake ya masautso a Yesu monga analembera Mateyu, mu 1727, nyimbo ya makwaya awiri yotenga pafupifupi maola atatu.

Chakumapeto maso ake anachita khungu. Dokotala wa ku England, John Taylor, anamuchita opaleshoni kawiri m'chaka cha 1750, koma zinthu zinangoipiraipira, ndipo anamwalira pa 28 Julayi chaka chomwecho ali ndi zaka 65.

Zimene zinatsatira imfayo ndizo zikhudza kwambiri aliyense wosunga chuma cha makolo. Manda ake sanaikidwe chizindikiro. Mapepala a nyimbo anagawidwa ngati katundu wina aliyense wamasiye. Mwana wake Carl Philipp Emanuel anasunga gawo lake mosamala. Woyamba kubadwa mwa amuna, Wilhelm Friedemann, atasauka anagulitsa zambiri za gawo lake, ndipo zina sizinaonekenso. Mwa nyimbo za Lamulungu zija zatsala pafupifupi 200, koma mbiri yakale imasonyeza kuti zinalipo zochuluka kuposa apo. Anna Magdalena, amene dzanja lake likuoneka pa mapepala ambiri a mwamuna wake, anamwalira mu 1760 ali mmphawi wodalira thandizo la mzinda. Anthu anali atasintha makutu. Ankafuna nyimbo zopepuka, ndipo kwa zaka zambiri munthu akati Bach ankatanthauza mmodzi wa ana ake. Izi zinachitika m'dziko la anthu odziwa kulemba, la makina osindikizira mabuku. Pepala palokha silinamupulumutse.

Anamupulumutsa ndi anthu ochepa amene anachitapo kanthu nthawi ikadalipo. Johann Nikolaus Forkel anafunsa ana awiri aja akadali moyo, nalemba buku la mbiri ya bambo awo limene linatuluka mu 1802. Kumeneko n'kumene kunachokera nkhani yakuti a mtundu wa Bach ankasonkhana kamodzi pa chaka, kuyamba ndi nyimbo ya mpingo, kenako n'kumasakaniza nyimbo za kumudzi zoseketsa mpaka onse kufa nacho chikhakhali. Ntchito ya Forkel ikufanana ndi imene a Samuel Josia Ntara anagwira kuno, pamene anafunsa akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa ndi mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi. Wachiwiri anali gogo wina wa ku Berlin, Bella Salomon, amene anapatsa mdzukulu wake mphatso ya kope la nyimbo ya masautso ija. Mdzukuluyo anali Felix Mendelssohn, ndipo pa 11 Malichi 1829, ali ndi zaka 20, anatsogolera kuyimbidwa kwa nyimboyo pamaso pa khamu la anthu. Mu 1850 kunakhazikitsidwa bungwe losonkhanitsa ndi kusindikiza chilichonse chimene chinatsala, ndipo ntchitoyo inawatengera zaka 50. Mafupa amene akukhulupirira kuti ndi ake anafukulidwa mu 1894, ndipo lero ali m'tchalitchi cha St Thomas. Nyimbo zake zodziwika zikuposa 1,000.

M'chaka cha 1977 dziko la America linatumiza mumlengalenga zombo ziwiri zotchedwa Voyager, chilichonse ndi chimbale cha mawu ndi nyimbo za anthu a dziko lapansi. Bach ali m'menemo katatu, ndi dzina lake. M'chimbale chomwecho muli nyimbo ya chinamwali ya atsikana a m'nkhalango za ku Congo. Pa nyimbo imeneyo palibe dzina la woipeka ngakhale la woiyimba.

Zoterezi sizili kutali ndi kuno. Nyimbo za chimtali, za mganda, za pa mtondo ndi za gule sizinagwe kumwamba. Iliyonse ili ndi munthu amene anaiyamba, pa tsiku lake, chifukwa cha nkhani yake: mkamwini waulesi, njala, mwamuna amene anapita ku Wenela osabwerera. Gule wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo zinsinsi za kudambwe zili ndi eni ake, sizofunika kuzilemba m'mabuku. Koma dzina la mayi amene anapeka nyimbo ya chimtali si chinsinsi, ngakhalenso la mwamuna amene manja ake pa mbalule ankadziwika midzi khumi. M'chaka cha 1958 Hugh Tracey anafika ndi makina ojambulira mawu pa Visanza, limene ndi dzina lakale la boma la Ntchisi, najambula nyimbo za Achewa. Nyimbozo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Pa zina mwa izo panangolembedwa mtundu wa oyimbawo ndi malo, popanda dzina la wopeka. Aliyense amene anayimba nawo tsiku limenelo ali ndi zaka 15, ngati ali moyo, lero wapitirira zaka 80.