Kufunafuna Makolo Athu: Zoona ndi Zoganizira



Mwana wina wa m'kalasi langa anandilembera mbiri ya banja lace. Analemba kuti kholo lao linaoloka Zambezi pamodzi ndi Zwangendaba lili msilikari, ndiponso kuti kholo lomwelo linaponya nkhondo pambali pa Nsingo, mwana wa Mpezeni, pamene Azungu anathyola Angoni. Mwanayo sananame, analemba zimene anamva kwa ambuye ace. Koma tiyeni tiwerenge zaka. Angoni amati tsiku limene anaoloka, kufupi ndi Zumbo, dzuwa linada usana. Akatswiri a zakuthambo anawerengera napeza kuti kadamsana ameneyo anacitika mwezi wa November 1835. Nkhondo ya Nsingo inali mu 1898. Pakati pace pali zaka 63. Munthu wooloka ali ndi zaka 20 akadafika pa nkhondoyo ali ndi zaka 83, woyenda ndi ndodo, wosatinso ndi cishango.

Nanga colakwa cili pati? Titafunsitsa akulu a m'mudzimo, tinapeza kuti anali anthu awiri, gogo ndi mdzukulu amene analowa dzina lace. Mudziwa inu nonse kuti kwathu kuno dzina silifa, wolowa dzina amalankhula za mwini wace woyamba monga za iye yekha, nati, "Ine ndinacokera kwakuti." Potero anthu atatu kapena anai asanduka munthu mmodzi m'kamwa mwa osimba.

Cifukwa cace ndikupemphani kuti pofufuza makolo mukhale ndi madengu atatu.

M'dengu loyamba muike zolembedwa pa nthawi yomwe zinacitika. Misyoni ya Magwero inayamba mu 1899, ya Kachebere mu 1903, ndipo m'mabuku a ubatizo ndi a maukwati a misyoni zotere muli maina a makolo athu ambiri. Ku Lusaka, m'nyumba ya boma yosungira makalata akale, muli mabuku amene abwana a ku boma la Fort Jameson, limene lero ndi Chipata, analembamo maina a mafumu ndi midzi yao. Koma pepala nalonso liphonya. Mbusa wobatiza munthu wamkulu analemba zaka zace mongoyerekeza nkhope. Wobatizidwa analandira dzina latsopano, lakale nkusiyidwa. Mlembi wacilendo anafunsa dzina la atate, pamene Mcewa awerenga mbumba yace ku cikazi, ndipo mwini mbumba ndiye mtsibweni. Tsono bukulo litiuza zoona za tsiku la ubatizo, koma za caka cobadwa lingoganiza monga ife.

M'dengu laciwiri muike zosimba akulu. Musazipeputse, pakuti mau a akulu akoma akagonera, ndipo nkhani ya kadamsana ija yatsimikiza kuti akulu asunga zoona zaka zambiri popanda colembera. Koma lembani dzina la wosimba, mudzi wace, ndi amene anamuuza. Funsani anthu awiri kapena atatu, yense payekha, makamaka amai okalamba. Ngati mufuna caka, funsani cinthu codziwika: kodi anabadwa nkhondo ya Ajeremani ya 1914 isanayambe, kapena itapita nthenda ya fuluwenza ya 1918?

M'dengu lacitatu muike zoganizira zathu. Pano ndipo pali msampha. Munthu aona kuti ciwongo cace cifanana ndi ca mfumu, nati, "Ndine wa magazi acifumu." Koma Angoni a Mpezeni anakula ndi anthu amene anawagwira m'njira, Ansenga, Acewa ndi ena, ndipo ana a anthuwo anakula ali Angoni. Kubadwa mwa kholo logwidwa ku nkhondo si camanyazi ai. Camanyazi ndico kumkana kholo loona ndi kudzipatsa lina. Comweconso Gamitto, Mpwitikizi amene anapyola dziko la Acewa mu 1831 popita kwa Kazembe, analemba za Undi ndi Mkanda. Cimeneco citsimikiza kuti maufumuwo analipo, koma sicitsimikiza kuti banja langa kapena lanu licokera m'menemo.

Kuganizira si cimo. Cimo ndilo kuthira za dengu lacitatu m'dengu loyamba. Mphunzitsi akalemba cinthu, anthu a kumudzi amaciyesa coona cifukwa calembedwa, ndipo tsiku lina pepala lanu lidzatulutsidwa pabwalo pa mlandu wa munda kapena wa unyakwawa. Mau amodzi olembedwa mosasamala angacotse wamasiye pa munda wa amace.

Tsono pobwerera ku masukulu anu, patsani ana nchito iyi: yense alembe maina a makolo ace kufikira pamene adziwa, ndipo pambali pa dzina lililonse alembe kuti, "ndawerenga," "ndamva," kapena "ndiganiza." Pamene sadziwa asiye mpata, inu osamcotsera malikisi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mpatawo kapena adzadzaza ndi mwana wace.