Mtengo wa nandolo umathera kunyumba, osati pa sikelo

Mawu amene anayankhula mlimi mnzathu wa ku Majaua pa msonkhano wa kalabu ya omvera Wailesi ya Thumbine

Mwandipempha kuti ndinenepo za kunenerera mitengo ya mbewu, poti nyengo yogulitsa yayandikira. Ndiyamba ndi m'mene ndinagwera ine mwini.

Mukukumbukira 2016. Nandolo anali ndi ndalama, ndipo mu Julayi chaka chomwecho nduna yaikulu ya India, a Narendra Modi, anabwera ku Maputo nasaina pangano loti dziko lawo lizigula nandolo wa kuno. Tonse tinathamangira kudzala. Koma mu Ogasiti 2017, ife tikuyamba kukolola, India inaika malire pa nandolo wolowa kwawo chifukwa alimi awo anali atakolola wambiri. Mtengo unagwa mpaka ena anangosiya nandolo m'munda osathyola.

Ine ndinali ndi matumba 6, ndiponso mwana akudwala. Ndinamanga awiri pa njinga, ulendo wa maola atatu kukafika kwa wogula wina. Sanayang'ane nandolo ayi, anayang'ana ine: thukuta, fumbi, dzuwa litapendeka. Anandifunsa mwaulemu ndithu, "Kunyumba mwasiya bwanji achimwene?" Ine pakamwa yasa, ndi kunena kuti mwana ali gone. Basi, mtengo unathera pamenepo. Anadziwa kuti sindingabwerere nawo katundu, sindingadikire mawa, ndipo palibe wina wondigula.

Kwa zaka ndinkati munthu uja ndi wakuba. Kenako mphwanga wina amene anaphunzira za chuma anandifunsa kuti, "Malume, inu mukamasewera bawo, mumasuntha njere musanaganize m'mene mnzanu ayankhire?" Akuti kunja kuli maphunziro enieni a zimenezi, oona malonda ngati masewero a anthu awiri, aliyense akuwerenga maganizo a mnzake. Anatchula katswiri wa masamu wa ku America, John Nash, amene analemba za kunenerera mu 1950 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1994. Mfundo yake ndi yoti anthu awiri akamakangana pa mtengo, chimene chimalamula ndi chimene aliyense angatsale nacho malondawo akalephereka.

Tiyerekeze ndi manambala, mumvetsere bwino apa. Wogula akakagulitsa kutsogolo, atachotsa ndalama ya galimoto, amapeza 30 Meticais pa kilo. Sangakupatseni zoposa pamenepo. Inu muli ndi wina amene wakulonjezani 20. Simungalole zochepera pamenepo. Ndiye mkangano wanu wonse uli pakati pa 20 ndi 30, ndipo ngati nonse muli ofanana mtima mudzakumana cha pa 25. Tsopano chotsani wachiwiri uja, mutsale ndi mnansi wa pa golosale amene amapereka 12. Wogula ndi yemweyo, nandolo ndi yemweyo, pakamwa panu ndi pomwepo, koma pakati pa 12 ndi 30 ndi 21. Mwataya 4 pa kilo musanatsegule n'kamwa. Pa thumba la makilo 50 ndi 200 Meticais.

Ndiye ine masiku ano sindimanga katundu pa njinga ndisanadziwe mtengo. Ndimaimba foni ku Milange, ndimafunsa amene achokera ku Muloza ndi ku Limbuli, kenako ndimagwirizana ndi wogula katundu ali m'nyumba mwanga. Thumba likafika pa sikelo ya mwini, kubwerera nalo ndi chilango chako, ndipo iye amadziwa.

China ndi nthawi. Ife timaganiza kuti ofulumira ndife tokha. Ayi. Lole imene imabwera kuno nthawi zambiri ndi ya hayala, tsiku lililonse ikaima mwini wake amawerenga ndalama. Ikabwerera theka, aluza. Ndipo msewu wathuwu mukuudziwa mvula ikayamba. Nayenso ali ndi njala yake, kungoti saionetsa. Chimanga n'chabwino pa nkhani imeneyi chifukwa ukachisunga bwino, m'matumba a PICS kapena ndi mankhwala, umadya wekha kapena kugulitsa mu Januwale mtengo utakwera. Nandolo wa matumba 6 simungadye mpaka kutha, n'chifukwa chake amatigonjetsa msanga.

Tsopano ndifike pamene pamawawa, pa ife eni. Chaka china tinagwirizana anthu 10 kuti palibe wogulitsa pansi pa mtengo umene tinapangana. Tinawombera m'manja ndithu. Wogula anamva. Sanakangane nafe masana, anayenda usiku, nyumba ziwiri zokha, kuwonjezera pang'ono pa mtengo wake wakale ndi kuwauza kuti enawo agulitsa kale. Kutacha mbiri inamveka, aliyense anayamba kuthamanga kuopa kutsala ndi matumba lole itapita. Pofika madzulo tonse tinagulitsa motchipa, inenso ndili momwemo. Awiri aja sindiwada. Wina anali ndi ngongole, wina maliro. Ndipo kunena zoona aliyense wa ife mumtima ankati, ngati anzanga ati agulitse, bola ndiyambe ndine.

Chaka chotsatira tinasintha ziwiri. Matumba onse tinawaika m'nyumba imodzi, maloko awiri, kiyi wina kwa amayi osunga chuma, wina kwa mkulu wa mpingo. Wogula atabwera kwa ine usiku, ndinamuuza kuti, "Ngakhale nditafuna, kiyi ndilibe." Anaona kuti si bodza. Zodabwitsa eti, kudzimanga manja wekha kukupatsa mphamvu! Chachiwiri tinasonkha kathumba ka ndalama kuti amene wagwa m'vuto abwereke kumeneko, asathamangire ku sikelo. Lole inaima masiku atatu. Lachinayi anakweza mtengo, ife tinatsitsa pang'ono, tinakumana. Sitinalemere, koma matumba anapita ndi mtengo wotisangalatsa.

Musaopseze chimene simungachite. Ukati "ndikupita kwina" kwinako kulibe, akakugwira kamodzi sadzakukhulupiriranso. Komanso ife amene tili m'mbali mwa Ruo tizinenerera ndi mtundu wa ndalama womwe. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali atasunga makwacha a mbewu zawo anadzuka ndalama itachepa mphamvu ili m'thumba. Funsani kaye: mundilipira kwacha kapena Meticais, ndipo musintha pa bwanji?

Pepani ndinene ichinso ngakhale chisakomere ena. Enafe timathira mchenga ndi timiyala m'matumba, kapena kuwaza madzi kuti alemere. Wogula ameneyo adzabweranso chaka chamawa, ndipo adzadula mtengo wa mudzi wonse, wa olungama womwe. Ifenso tikamadandaula za sikelo yake yobera, amangotiloza mchenga wathu.

Zimene zinachitika mu 2017 palibe kalabu imene ikanaziletsa, chitseko chinatsekedwa kutali ku India. Koma zija za usiku zinali m'manja mwathu.

Pempho langa kwa alembi ndi ili: polemba kalata ya mwezi uno yopita ku Thumbine, mupemphe kuti aziulutsa mitengo ya chimanga ndi nandolo ya ku Milange ndi ku Muloza kamodzi pa sabata, m'Chichewa, nthawi ya madzulo anthu ataweruka kumunda. Ndipo amene mukufuna kuika matumba anu pamodzi chaka chino, titsalire pansi pa mtengo wa mango tikatha pano, tikambe za ndalama yogulira sikelo yathuyathu ndi amene asunge kiyi wachiwiri.