Kuchokera pa Desiki la Msonkho Kufika pa Unduna: Mbiri ya Dr. Goh Keng Swee

Lero tiwoloka nyanja kupita ku Singapore, chilumba cha ku Asia chimene kukula kwake n'kofanana pafupifupi ndi boma la Chiradzulu. Tikamba za munthu amene adayamba ngati wantchito wamba wa m'boma, nadzakhala mmodzi mwa nduna zazikulu za dziko lake kwa zaka 25. Dzina lake ndi Dr. Goh Keng Swee. Funso limene tiyende nalo ndi ili: kodi munthu wozolowera kulandira malamulo mu ofesi angasenze bwanji udindo tsiku limene iye ndiye wolamula?

A Goh adabadwa pa 6 October 1918 ku Malacca, m'dziko limene tsopano ndi Malaysia, ndipo adakulira ku Singapore kumene bambo awo ankayang'anira munda wa mitengo ya mphira. Atatsiriza maphunziro a za chuma pa Raffles College mu 1939, adalowa ntchito m'boma la atsamunda a Chingerezi ngati wokhometsa msonkho. Ntchitoyi sidawayanje, kotero kuti akuluakulu awo adatsala pang'ono kuwachotsa.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mu 1946, adasamukira ku dipatimenti yoona za umoyo wa anthu osauka, ndipo kumeneko ndi kumene luso lawo lidaonekera. Ntchito yawo idali ya kalembera: kufufuza kuti banja limapeza ndalama zingati, limagona anthu angati m'chipinda chimodzi, ndiponso ndi angati amene ali pa ulova. Umphawi wa mzindawo adaudziwa ndi manambala ake. Boma lidawatumiza ku London School of Economics kumene adakhoza bwino kwambiri mu 1951, ndipo mu 1956 adalandira digiri ya udokotala. Ku London komweko adadziwana ndi achinyamata ena ofuna ufulu wa dziko lawo, mmodzi mwa iwo ndi Lee Kuan Yew. Mu 1952 adatsogolera anzawo a m'boma podandaula kuti Azungu ankalandira ndalama zapadera zimene eni dziko sankapatsidwa.

Mu 1958 adasiya ntchito ya boma nalowa ndale m'chipani cha People's Action Party. Chipanichi chidapambana chisankho cha pa 30 May 1959, a Lee adakhala nduna yaikulu, ndipo a Goh adapatsidwa unduna wa za chuma. Apa ndi pamene mayeso awo oyamba adafika. Atatsegula mabuku adapeza kuti chaka chimenecho boma lipereweredwa madola 14 miliyoni. Iwo adadula ndalama zapadera za ogwira ntchito m'boma, anthu omwe aja adakhala nawo mu ofesi ndi kuwamenyera nkhondo zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo. Nduna nazonso zidadula malipiro awo. Kudandaula kudali kwakukulu, ndipo ambiri adawaona a Goh ngati munthu woiwala kumene adachokera. Koma pakutha pa chaka, m'malo mwa ngongole, m'thumba la boma mudatsala dola miliyoni imodzi. Akulu adati walira mvula walira matope: anthu adafuna kudzilamulira, ndipo kudzilamulira kudadza ndi mtengo wake.

Kusunga ndalama kokha sikupatsa munthu ntchito. Singapore idalibe migodi kapena minda yaikulu. Inkadalira doko, kulandira katundu wa maiko ena ndi kumutumizanso. A Goh adaona kuti doko lokha silingalembe achinyamata onse otuluka m'sukulu. Motero mu 1961 adakhazikitsa bungwe la Economic Development Board, naika pa mpando wake mnzawo wa m'boma, a Hon Sui Sen, amenenso adadzakhala nduna ya za chuma mu 1970. Adasankha dambo la matope lotchedwa Jurong kuti likwiriridwe, pamangidwe misewu, magetsi ndi madzi, kenaka aitane eni mafakitale a kunja powalonjeza zaka zingapo zosakhoma msonkho. Mwala wa maziko wa fakitale ya zitsulo udaikidwa mu 1962. Zaka zoyamba malowo adali pululu, ndipo anthu ankaseka kuti Jurong ndi uchitsiru wa a Goh. Iwo sadabwerere m'mbuyo. Ankapita okha ku mwambo wotsegulira fakitale ngakhale yaing'ono, kuti nyuzipepala zilembe ndipo amalonda ena amve. Pofika zaka za m'ma 1970, Jurong idadzaza ndi mafakitale olemba anthu zikwizikwi.

Mu 1963 Singapore idalowa m'chitaganya cha Malaysia, koma ukwatiwo sudakhalitse. Kudabuka mikangano ya ndale ndi zipolowe za mitundu mu 1964, ndipo a Goh ndiwo adakambirana mwachinsinsi ndi a Abdul Razak a ku Malaysia za kupatukana. Pa 9 August 1965 Singapore idakhala dziko loima palokha, lili ndi magulu awiri okha a asilikali oyenda pansi. Munthu wa manambala uja adapatsidwa unduna wa za chitetezo. Adaitana alangizi a ku Israel, ndipo mu 1967 adakhazikitsa lamulo loti mnyamata aliyense wofika zaka 18 aphunzire usilikali. Chaka chomwecho adabwerera ku unduna wa za chuma, kumene adaumirira kuti dola iliyonse yosindikizidwa ikhale ndi chuma cha kunja choiimira. Maganizo awo adali akuti boma likakhala ndi ufulu wosindikiza ndalama mmene lifunira, tsiku lina lidzagonja ku chiyeso chimenecho, ndipo wovutika ndi kukwera mitengo adzakhala munthu wamba. Mu 1973 adakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu.

Tisaganize kuti zonse zimene adagwira zidali zopanda banga. Boma limene adali m'kati mwake lidatsekera anthu oposa 100 popanda kuwazenga mlandu mu February 1963, ena mwa iwo anzawo akale a m'chipani. Mu 1979, atapatsidwa unduna wa za maphunziro, adayambitsa njira yogawa ana m'magulu malinga ndi mmene akhozera mayeso adakali aang'ono. Ana osiyira sukulu panjira adachepa ndithu, koma makolo ndi aphunzitsi ambiri adadandaula kuti mwana woikidwa m'gulu la pansi ankakula akudziona ngati wolephera. Amene tidaimapo kutsogolo kwa kalasi tidziwa kuti mwana wina amachedwa kutseguka mutu, koma akatseguka amaposa anzake. Boma la Singapore lidasintha njirayi pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Manambala amene adawathandiza pa chuma sadathe kuyeza zonse za mu mtima wa mwana.

A Goh adapuma pa ndale mu 1984, ndipo mu 1985 boma la China lidawapempha kuti alilangize za chitukuko cha madera a m'mbali mwa nyanja. Adamwalira pa 14 May 2010 ali ndi zaka 91. Amene ankayenda nawo pa maulendo a boma amakumbukira kuti ndunayi inkanyamula sopo m'chikwama ndi kuchapa yokha zovala zam'kati m'chipinda cha hotelo, posafuna kulipira wochapa.

Tsono inu akalaliki, aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amene mukumvera, taonani kuti zimene a Goh adachita pa unduna adaziphunzira pa desiki laling'ono: kuwerenga molondola, kufunsa anthu enieni, ndi kusamala ndalama ya boma ngati ya m'thumba mwawo. Kaundula amene mudzalemba mawa m'mawa angaoneke wopanda pake, koma nduna yopanga mfundo imadalira kuti inuyo mudalemba zoona.