Kugula Ndodo ya Puulu



Ndodo za pa tebulo la puulu kumsika amagwira aliyense. Zambiri ndi zokhota, zina nsonga inatha kalekale. Nchifukwa chake ena mwa inu mukufuna kugula yanuyanu. Palibe choipa, bola ndalamayo isakhale ya feteleza.

Mukaloŵa m'sitolo musathamangire ndodo yokongola. Maluŵa ojambulidwa kumtengoko samenya mpira ayi. Chachikulu ndi chakuti ndodo ikhale yowongoka. Igonekeni pa tebulo losalala, ndipo muigubuduze pang'onopang'ono. Yang'anitsitsani kunsonga. Ngati nsonga ikudumphadumpha, ndodoyo ndi yokhota. Isiyeni, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Ndodo yokhota imasocheretsa mpira, ndipo inu mudzayesa kuti dzanja lanu ndilo likulakwa. Muthanso kuikweza pafupi ndi diso limodzi ndi kuyang'ana m'litali mwake, monga amachitira kalipentala poyesa thabwa.

Tsono apa ndi pamene kuŵerenga kwanu kugwire ntchito. Pa ndodo zambiri pamalembedwa manambala, mwina chonchi: 18 oz. Kumeneku ndi kulemera kwake, ndipo ndi pafupifupi theka la kilogalamu. Kwa munthu woyamba kumene, 18 oz ili bwino. Kutalika kwa ndodo ya munthu wamkulu ndi mainchesi 57, kapena kuti masentimita 145.

Funsaninso kukula kwa nsonga. Pa matebulo aang'ono a mipira yofiira ndi yachikasu, nsonga yoyenera ndi ya mamilimita 8 kapena 9. Ya mamilimita 13 ndi ya matebulo aakulu a ku America, amene mipira yake ndi yaikulu. Nsongayo ikhale yachikopa, yomata bwino, chifukwa chikopa ndicho chimagwira choko.

Pali ndodo zina zolumikiza pakati. Zimenezi ndi zabwino kwa inu oyenda pa njinga. Imangeni bwinobwino, kenaka muigwedeze. Mukamva kuti gwede gwede polumikizirapo, tengani ina.

Mukalipira pemphani lisiti, ndipo muliŵerenge musanatuluke. Kunyumba musaitsamiritse pakhoma, musaisiye padzuŵa kapena pachinyezi, chifukwa mtengo umakhota. Igonekeni pamalo osalala, kapena muiimike chilili m'thumba lake.