ROKETI YA KU MWEZI PA TEBULO LA M'NYUMBA

Usiku uno ndifuna kukamba nanu za cidole. Kapena ena a inu mwayamba kale kutambasula dzanja kuti mutseke wailesi, muli kunena mumtima kuti, "Kodi munthu wamkulu-mkulu wasowa nkhani?" Lezani mtima pang'ono. Cidoleci cinandigoneka mocedwa masiku anai, ndipo cinandionetsa zinthu zimene sindinazione m'zaka zonse zimene ndinakhala pa sukulu ya mishoni.

Kwanga ndisunga mphwanga, mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 12. Mudziwa inu mwambo wathu: mwana wa mlongo akalephera, anthu safunsa atate wace, afunsa malume wace. Mnyamatayu ali ndi manja anzeru. Mpatseni waya ndi zitsekerero za mabotolo, dzuwa lisanalowe adzakupangirani galimoto yokhota-khota. Koma masamu adana nao monga mbuzi idana ndi mvula. Ndayesa kumlangiza, ndayesa kumuopsa, zonse cabe. Mayeso otsiriza a ku pulaimale ali pafupi, ndipo mlongo wanga salephera kundifunsa za iye sabata ndi sabata.

Tsono mwezi wathawu mlamu wanga wa ku Johannesburg anafika ndi bokosi lalitali nati, "Ili nda mwanayu." M'katimo munali tinjerwa ta pulasitiki tochedwa LEGO. Kwa inu amene simunationepo, tinjerwati tili ndi timutu pamwamba ndi timibowo pansi, ndipo mukatiphatikiza tigwirana zolimba popanda ulimbo kapena msomali. Tipangidwa ndi kampani ya ku Billund m'dziko la Denmark, imene inayambidwa ndi mmisiri wa matabwa, Ole Kirk Christiansen. Iye anayamba kusema zidole za matabwa m'caka ca 1932, pamene nchito ya ukalipentala inasowa. Kagwiridwe ka njerwa kamene tikaona lero kanalembetsedwa ku boma m'caka ca 1958, ndipo njerwa ya caka cimeneco ikwanirana bwino-bwino ndi ya lero.

Bokosi lathulo linali la roketi ya Saturn V, ija inanyamula anthu kunka nao ku mwezi. Linayamba kugulitsidwa m'caka ca 2017, ndipo muli tizidutswa 1,969. Ciwerengero cimeneci anacita cosankha, pakuti 1969 ndico caka cimene munthu anaponda pa mwezi nthawi yoyamba. Maganizo a kupanga roketiyi sanacokere kwa akulu a kampani iai. Anali a anthu wamba awiri okonda tinjerwati, amene anaonetsa citsanzo cao, ndipo anthu 10,000 atacibvomereza, kampani inacitenga.

Tinayala nsaru pa tebulo kuti tizidutswa tisagubuduke, ndipo tinatsegula thumba loyamba. Matumba onse ali ndi manambala, ndiponso muli buku la zithunzi losonyeza ca kucita tsamba ndi tsamba. Funso langa loyamba linali ili: njerwa ya ngodya zinai ingapange bwanji cinthu cobulungira ngati nkhokwe? Yankho lace ndi lokondweretsa. Muyamba kumanga msana wa m'kati, wokhala ndi timutu toloza ku mbali zonse, ndipo pambuyo pace mumata zipupa zokhota kuzungulira msanawo. Ndi monga mmene tiimikira mitengo ya nyumba tisanamate dothi. Njerwa za m'kati ndi zofiira, zobiriwira, zacikasu, ngakhale kunja kuoneka zoyera ndi zakuda zokha. Mphwanga ndiye anazindikira cifukwa cace. "Amalume," anatero, "acita dala kuti munthu asasokoneze."

Koma ine ndinasokoneza ndithu. Usiku waciwiri ndinaphatikiza kanjerwa kamodzi molakwa, kusiyana kamutu kamodzi kokha ndi malo ace. Panalibe cimene cinaoneka. Tinapitiriza masamba ambiri, kufikira pamene cipupa cina cinakana kukhala. Ndinafuna kucikanikiza ndi mphamvu, koma mnyamata anandigwira dzanja, nayamba kubwerera m'buku tsamba ndi tsamba, ali kuwerenga timutu ndi cala. Anacipeza colakwaco, ndipo tinapasula nchito ya ola lathunthu. Sanandiseke, koma ndinaona kuti masaya ace ali kubvutika. Inu amene muika mitengo yocirikiza pansi pa mgodi mudziwa bwino kuti colakwa cobisika cidzaonekera patsogolo, nthawi imene kukonza kwace kwabvuta.

Pa tsiku lacinai roketi inaima pa tebulo, yotalika mita imodzi. Apa mpamene nkhani yeni-yeni iyambira, cifukwa cidoleci cigawika m'zigawo monga momwe inagawikira roketi yeni-yeni, ndipo mwana ali yense adzafunsa kuti, "Cifukwa ninji?"

Saturn V inali yotalika mamita 110 ndi kanthu, ndiwo mapazi 363. Mukadaiimika pafupi ndi Findeco House mu Lusaka, ikadaipitirira. Ikadapitiriranso pang'ono phompho la Mosi-oa-Tunya, limene kuya kwace kufika mamita 108. Itadzazidwa mafuta inali kulemera matani ngati 2,900, ndipo gawo lalikulu koposa la kulemera kumeneko linali mafuta okha-okha. Bvuto la roketi lili pamenepa. Kuti ikwere ifuna mafuta, koma mafutawo ndi olemera, motero ifuna mafuta ena onyamulira mafuta oyambawo. Anzanga oyendetsa kheji adziwa cinthu cofanana ndi ici: shafuti ikazama, cingwe cisenza kheji ndi anthu, ndiponso cisenza kulemera kwa ico ceni. Nzeru imene akatswiri anapeza ndi ya munthu wa pa ulendo wautali wonyamula madzi m'zipanda zitatu. Cipanda cikatha madzi acitaya, osasenza cinthu copanda kanthu.

Cigawo coyamba, ca pansi, cinali cotalika mamita 42 ndi cotambalala mamita 10. Cinali ndi mainjini asanu ochedwa F-1, otentha parafini woyengedwa bwino pamodzi ndi mpweya wa okosijeni woziziritsidwa kufikira utasanduka madzi. Inde, parafini, mbale wace wa uja muthira m'nyali. Koma mainjini asanuwo anali kumeza matani 13 pa sekondi imodzi. Patapita mphindi ziwiri ndi theka cigawo cimeneci cinali citatha nchito, cinatayidwa ndi kugwera m'nyanja ya Atlantic. Caciwiri, ca mainjini asanu ang'onopo otentha haidrojeni, cinagwira nchito mphindi ngati 6, naco cinatayidwa. Cacitatu, ca injini imodzi, cinafikitsa combo m'njira yozungulira dziko, cinazima, ndipo pambuyo pace cinayakanso ndi kukankhira anthuwo ku mwezi.

Mphwanga anali kucotsa zigawozi cimodzi-cimodzi ndi kuziika pa mpando, kufikira m'dzanja lace munatsala kanthu kosongoka, kocepa kuposa dzira la nkhuku. "Amalume, kabwerera ndi aka kokha?" Ndi ako kokha. Neil Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins ananyamuka ku Florida pa 16 July 1969. Awiri oyambawo anatsika pa mwezi pa 20 July, pamene Collins anatsala ali kuzungulira m'mwamba yekha. Pa 24 July anagwera m'nyanja ya Pacific m'kacipinda kolemera matani 5 ndi theka. Mwa magawo 500 a cinthu cimene cinanyamuka, gawo limodzi lokha ndilo linabwera kwao. Ndinaziwerengapo izi m'mabuku, koma sizinandilowe mumtima kufikira nditaona mulu uja pa mpando ndi kanthu kaja m'dzanja la mwana.

M'bokosimo mulinso tianthu, tating'ono ngati njere ya nsawa. Mnyamata anaika kamodzi patsinde pa roketi, nakhala cete nthawi yaitali. Kenaka anafunsa ngati kamunthuko ndi ka msinkhu woyenera. Ndinamuuza kuti cinthu ciri conse pa cidoleci anacicepetsa ka 110, ndipo kuti ayese yekha. Anatenga pensulo. Ine sindinamtume, Mulungu ndi mboni. Anagawa msinkhu wa munthu wamkulu ndi 110, napeza sentimita imodzi ndi theka ndi kanthu, nathamangira rula. Atatha apo anafuna kudziwa kumene tikadaika mwezi. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita 384,000. Anagawa, analakwitsa, anafafaniza, anagawanso: makilomita pafupi-fupi 3,500. Tinatsegula mapu, ndipo tinaona kuti roketi yathu ikaima pa tebulo mu Lusaka muno, mwezi wace uyenera kukhala ca ku Khartoum m'dziko la Sudan. Usiku umenewo mwana wodana ndi masamu anagawa manambala akulu-akulu kufikira ndinacita kumthamangitsa kuti akagone.

Sindinena kuti wacira. Lipoti la sukulu silinabwere, ndipo mwana ndi mwana.

Pali zina zimene tinjerwa sitinena, ndipo ndiyesa kuti nkoyenera kuti inu makamaka, anthu a pansi pa nthaka, muzimve. Mtsogoleri wa akatswiri amene anapanga Saturn V anali Mjeremani, Wernher von Braun. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse munthu yemweyu anapangira Hitler roketi ya nkhondo yochedwa V-2, imene inagwetsedwa pa London ndi Antwerp. Maroketi amenewo anali kupangidwira m'ngalande za pansi pa phiri, pafupi ndi mzinda wa Nordhausen, ndipo anchito ace anali akaidi a msasa wa Mittelbau-Dora. Oyamba a iwo anali kugona m'ngalande momwemo, m'pfumbi ndi m'cinyezi, osaona dzuwa. Anthu ngati 20,000 anafera m'msasa umenewo ndi nthambi zace, ndipo amene anafa popanga V-2 anaposa amene anaphedwa nayo. Nkhondo itatha m'caka ca 1945, von Braun anatengedwa kunka ku America, kumene analemekezedwa kufikira imfa yace. Ine ndicita nayo cidwi roketi yace, pakuti inauluka ka 13 pakati pa 1967 ndi 1973 osatayapo munthu ndi mmodzi yemwe. Koma ndinamuuza mphwanga za akaidi aja usiku womwewo, roketi ili ciriri pakati pathu. Mwana wa m'dziko la migodi ayenera kumafunsa amene anakumba ngalande.

Ndinamuuzanso za munthu wa kwathu, Edward Mukuka Nkoloso, msilikali wa nkhondo yomweyo, mphunzitsi, ndi womenyera ufulu. M'caka ca 1964, caka ca ufulu wathu, iye analengeza kuti Zambia idzatumiza anthu ku mwezi ndi ku Mars. Anali kuphunzitsa anyamata ndi mtsikana mmodzi kunja kwa Lusaka, kuwalowetsa m'diramu ndi kuwagubuduza pa citunda kuti azolowere ulendo. Anapempha mapaundi 7,000,000 ku UNESCO, ndipo sanalandire. Manyuzipepala a maiko akunja anamseka kwambiri, ndipo kufikira lero anthu atsutsana ngati ananenetsa kapena anali kunyoza Azungu mocenjera. Diramu silikadafika ku mwezi, cimeneco ncoona. Koma ine ndikaona matani 2,900 aja, ndi anthu zikwi mazana amene anagwira nchito ya Apollo, ndiona kuti cimene Nkoloso anasowa ndi mainjiniya, masukulu ndi cuma. Kulimba mtima anali nako kokwanira.

Tsopano ena mudzafunsa za mtengo. Pamene bokosili linaturuka linali kugulidwa madola 120 ku America, ndipo likafika kuno mtengo ukwera. Sindingauze munthu wa ana asanu kuti asiye thumba la ufa ndi yunifomu nakagule cidole. Ine mwini sindikadagula. Koma bokosi limodzi lingathe kumangidwa ndi kupasulidwa kambiri-mbiri, motero kalabu ya pa mgodi, laibulale kapena sukulu ingathe kukhala nalo limodzi, ana namabwerekana. Mukatero, cenjerani ndi zinthu ziwiri. Werengani tizidutswa pobweza, cifukwa kamodzi kakasowa nchito iima. Ife tinasaka kamodzi theka la ola, ndipo tinakapeza m'mpindiro wa buluku langa. Ndiponso musalole makanda pafupi, pakuti tizidutswa tina ntating'ono, mwana angameze.

Roketi yathu tsopano ili pamwamba pa kabati, kumene mphaka safika. Mphwanga wayamba ina ya iye yekha, ya zitini ndi waya, ndipo afuna kuti ilingane ndi ya njerwayo. Wawerenga kale kuti mamita 10 akagawidwa ndi 110 apatsa masentimita 9, motero ali kuyenda-yenda m'komboni ndi rula m'thumba, kuyesa zitini za anthu. Mai wina wa pafupi nafe wadandaula kale kwa ine kuti anampeza ali kuyesa citini ca mkaka cisanathe. Cigawo cacitatu cimbvutabe, cifukwa ncocepa kuposa ziwiri zija, ndipo sanapeze njira yolumikizira citini cacing'ono pa cacikulu kuti cizicoka ndi kubwerera. Ngati alipo mmisiri wa malata pakati pa inu omvera amene adziwa macitidwe ace, alembe kalata kuno ku wailesi, ndipo ndidzaiwerenga sabata ya mawa nthawi yonga yomwe ino. Gonani bwino nonse.